Kaseti ya amalume ndi shuga wa azakhali

Kaseti ija inabwera ndi amalume kuchokera ku Kitwe mu 1992, chaka cha chilala chija tinkadya nsima ya chimanga chachikasu, ndipo pachikuto pake munthu wina analembapo ndi bolopeni kuti Michael Jackson. Basi. Panalibe chithunzi, panalibe mayina a nyimbo, inali ya zapamsika zija zoti wina wajambula kwa mnzake amenenso anajambula kwa wina mpaka mawu kumamveka ngati woimbayo ali mu mgolo. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kapata, komboni ya m'tauni ya Chipata ku Zambia, ine ndili giredi 5, ndipo wailesi ya kaseti m'nyumba mwathu inali ngati mlendo wolemekezeka, inali ndi kansalu kake kofunda, mabatire ake tinkawayanika padzuwa pamwamba pa malata ati akokeko mphamvu, ndipo kubweza kaseti m'mbuyo kunali kozunguza ndi bolopeni, ukangodina batani amalume n'kukumva ndiye kuti khutu lako lilipira mabatirewo.

Mbali yoyamba inalidi Michael. Koma mbali yachiwiri chapakati panali nyimbo ina yoyamba ndendende ngati Beat It, ng'oma zomwe zija, gitala yemwe uja, kungoti mawu a woimbayo anali opyapyala ngati akutulukira m'mphuno. Titafunsa, amalume anati ameneyo ndi Michael yemweyo, tsiku limenelo anaimba ali ndi malungo. Ife tinavomera, nanga munthu wochokera ku migodi ungamutsutse bwanji, ndipo tinaivina nyimboyo pabwalo mpaka fumbi kobooo, tikubwerera chafutambuyo ndi mapazi osavala nsapato.

Anatiululira ndi aphunzitsi ena amene tinkayandikana nawo nyumba. Anabwera madzulo ena kudzabwereka pampu ya njinga, nyimbo ija ikulira, anaima kaye pakhomo n'kutchera khutu, kenako anayamba kuseka mpaka anakhala pansi pakhonde pampu ili m'manja. Ati anthu inu, uyu si Michael, uyu sakunena kuti Beat It, akuti Eat It, ndi kholo likukalipira mwana wake amene akukana kudya. Amayi anali akupeta ufa wachikasu uja chapafupi, anaimitsa lichero n'kufunsa kuti mwanayo akudwala? Aphunzitsi ati ayi, sakufuna chabe, chakudya chili mbwee patebulo koma iye akuchita matama. Amayi sanaseke olo pang'ono. Anangoti, "Abwere naye kuno mwana ameneyo sabata imodzi," n'kupitiriza kupeta.

Zinanditengera zaka zambiri kuti ndidziwe dzina la munthuyo, ndinalipeza nditakula kale, m'kakafe ka intaneti ku Down Shops komwe tinkalipira pa mphindi ndipo tsamba limodzi kuti litseguke umatha kupita kukagula chitumbuwa n'kubwera. Ndi "Weird Al" Yankovic, mzungu wa ku California wobadwa mu 1959, watsitsi lopotana lofika m'mapewa, woimba akodiyoni. Akodiyoniyo anayamba kuiphunzira atatsala pang'ono kukwana zaka 7, kusukulu yaukachenjede anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, koma ntchito imeneyo sanaigwire, moyo wake wonse wadyera kutenga chuni cha nyimbo yotchuka n'kuikamo mawu ake oseketsa. Imodzi mwa nyimbo zake zoyambirira mu 1979 anaijambulira m'bafa ya pakoleji chifukwa mawu amamveka bwino mmenemo, ndipo amene anamutulutsa ndi muulutsi wina wa pawailesi wotchedwa Dr. Demento yemwe pulogalamu yake inali ya nyimbo zachilendo ndi zoseketsa zokhazokha. Eat It ija inatuluka mu 1984 n'kuwina Grammy, mphoto yaikulu ya oimba ku America. Ndiye kuti pamene inkafika ku Kapata inali itayenda zaka 8, kudutsa m'manja mwa anthu ojambula makaseti kaya angati, mpaka dzina la mwini wake linagwa panjira.

Ndinapita kukawauza amalume, nthawi imeneyo atapuma ntchito akulima fodya kumudzi cha ku Chadiza. Anandimvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza, kenako anati intanetiyo imalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amanama. Mpaka lero kwa iwo ndi Michael wa malungo.

Chimbale chake chimene ndinachimva chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza ndi Mandatory Fun, cha mu July 2014, chimbale chake cha nambala 14. Chimenechi chinachita zimene anthu oseketsa sachita kawirikawiri, chinakhala nambala wani pa ndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, makope opitirira 100,000 sabata yoyamba yokha, ndipo chimbale cha nthabwala chomaliza kukhala pamwamba chotero chinali cha Allan Sherman kale mu 1963. Iye anatulutsa mavidiyo 8 m'masiku 8, tsiku lililonse yatsopano, ndipo ine ndikukumbuka ma bundle anga akutha ngati madzi a m'dengu. Mwa nyimbo 12 za m'chimbalemo, zisanu zokha ndiye zobwereka chuni cha nyimbo inayake mwachindunji, zinazo ndi zopeka yekha motsanzira kaimbidwe ka magulu ena, kupatulapo imodzi ija amasonkhanitsa nyimbo zotchuka zambirimbiri n'kuzithamangitsa pa akodiyoni, imene kunena zoona ine imandipweteketsa mutu ndipo ndimaidumpha.

Ndinaziika pa memori khadi n'kupita nazo kwa anzanga amene timakhala nawo pa shopu ya mnzathu wokonza mafoni kufupi ndi Saturday Market, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti lero anthu agwa nazo. Zimene zinachitika zinandikumbutsa amayi ndi lichero lawo.

Handy, yobwereka chuni cha Fancy ya Iggy Azalea, inalowa msanga. Ndi ya munthu wodzitama kuti amakonza chilichonse, mipope, denga, magetsi, chimbudzi, ndipo anzanga nditangowamasulira mizere iwiri onse anatembenuka kuyang'ana mwini shopu, chifukwa komboni iliyonse ya Chipata, kaya ku Mchini kaya ku Navutika, ili naye munthu wotero woyenda ndi sikuludiraiva imodzi ndi waya m'thumba, amene amati wailesi, njinga, mbaula yamagetsi, foni, zonse ndi chimodzimodzi, ndipo akakakubwezera katundu wako pamatsala tizitsulo titatu patebulo iye n'kumati amenewa anali osafunika. Word Crimes, ya pa chuni cha Blurred Lines, yodzudzula anthu olemba Chingerezi chothyoka, inaseketsa mmodzi yekha amene ndi mphunzitsi, enafe inangotikumbutsa masiku aja kusukulu ukagwidwa ukulankhula Chinyanja umapatsidwa chilango chokatchetcha udzu, ndiye kusekako kunali kwa mano okha. Foil, ya pa chuni cha Royals ya Lorde, ndiye inagweratu pansi. Imayamba ndi munthu akuyamikira pepala lonyezimira lija lokulungira chakudya chotsala, kenako n'kupenga kuyamba kunena zoti maboma achinsinsi akumuzonda ndiye wavala chipewa cha pepalalo. Mnzanga wina anafunsa kuti chakudya chotsala ndiye chimbala? Ndinati eya. Ati nanga chimbala chimafuna pepala? Umangovundikira mbale ina pamwamba, m'mawa ana amwera tiyi. Nkhani ya chipewa ija sindinayese n'komwe kuifotokoza.

Apa ndi pamene ndinaona kuti nyimbo yamtunduwu imayenda ndi miyendo iwiri. Womvera ayenera kudziwa nyimbo yoyambayo mpaka khutu lake lizidikira mawu akutiakuti, ndiye iwe pamalo pomwepo n'kuikapo ena, kusekako kumabadwira pakati pa zimene khutu limadikira ndi zimene lalandira. Koma ayeneranso kudziwa moyo umene mawu atsopanowo akunena. Ife mu 1992 tinali ndi mwendo umodzi, Beat It tinkaidziwa, koma mwana wokana nsima tinali tisanamuonepo. Ndipo mwendo woyamba uja suchedwa kuthyoka, nyimbo ikachoka pawailesi nthabwala yake imafa nayo, n'chifukwa chake mwini wakeyo ananena kuti Mandatory Fun mwina ndi chimbale chake chomaliza cha mtundu umenewu, poti masiku ano nyimbo ikatuluka Lolemba, pofika Lachitatu achinyamata a pa YouTube aitembenuza kale kambirimbiri, iwe wodikira kuti nyimbo zikwane chimbale upeza msika utatha.

Koma tisamachite ngati luso limeneli ndi la azungu. Kuno ndi kwawo. Pitani pa David Kaunda Stadium kukakhala mpira mumve ochemerera akatenga nyimbo ya kwaya ya Lamulungu lomwelo n'kuikamo dzina la goloboyi wa timu inayo ndi zina zosalembeka pano. Nthawi ya kampeni ndiye usanene, chuni chimodzi chimagwira ntchito ku zipani zitatu, amangosintha dzina. Ana asukulu nyimbo ya Chingerezi imene sakuimva amaipatsa mawu a Chinyanja ofanana kamvekedwe, ndipo mawu awowo ndi amene amakhala, enieniwo palibe amawafuna. Amayi pamtondo akhala akuimba apongozi awo mokuluwika kuyambira kale agogo athu asanabadwe. Olo nyimbo ya fuko lathu, chuni chake ndi cha Nkosi Sikelel' iAfrika imene Enoch Sontonga anapeka ku Johannesburg mu 1897, ife tinaikamo mawu athu, a ku Tanzania anaikamo awo, kungoti pamenepo palibe amaseka, timaima njo manja m'mbali.

Ndiye mu 2015 mlongo wanga wa kwa atate aang'ono akukwatiwa, a komiti atandipempha kuti ndikhale wolengeza pa madyerero, ndinati mpata ndi umenewu. Mkwati anali Mbemba wa ku Kasama, ndipo aliyense wa kuno akudziwa chimene chimachitika Abemba ndi anthu a kum'mawa akakumana, chimbuya chimalola zonse, iwo amatinena kuti timadya mbewa ife timawanena kuti amadya anyani, pamaliro pomwe timapakana ufa kumaso n'kulipiritsana, palibe amakwiya. Ndinatenga nyimbo ina ya ku Nigeria imene chaka chimenecho inkalira m'basi iliyonse ndi m'bala iliyonse, ndinapeza biti yake yopanda mawu kwa mnyamata wina wa situdiyo ya m'chipinda chogona, n'kukhala pansi kulemba.

Pamenepo ndi pamene ndinayamba kumupatsa ulemu mzungu watsitsi uja. Ntchitoyi ndi yowawa. Chingerezi chili ndi timawu tatifupitifupi tothera pa chitseko, kamodzi kokha pakamwa liwu latha, pamene athuwa ndi aatali ndipo lililonse limathera poyasamula. Pamene woimba uja wamenya kanayi n'kumaliza chiganizo chonse, iwe liwu limodzi loti "ndinakakuuzani" ladya kale malo onse ndipo sunanene kanthu. Ukalifinya kuti likwane limamveka ngati ukutafuna chimanga chokazinga, ukalikoka pamalo olakwika liwu limasintha kamvekedwe mpaka agogo kufunsa kuti akuimba chilankhulo chanji. Ndinazindikiranso kuti sikokwanira kuti mawu akwane, ayenera kumveka mofananako ndi oyamba aja makamaka kumapeto kwa mzere, kuti khutu linamizike kaye kwa kamphindi. Eat It ndi Beat It zasiyana kalembo kamodzi. Chodabwitsa n'choti pa Chinyanja "idya" imakwana bwinobwino pamalo pomwepo, ndinayesa ndili ndekha m'bafa, koma mwayi wotero umabwera kamodzi pa chaka. Masabata atatu ndinali kung'ung'udza panjinga popita ku ntchito, kuwerenga ndi zala pa handulo, anthu kumandiyang'ana ngati zayamba kuzungulira.

Ndime yoyamba inali ya Abemba. Ndinaimba kuti alamu athu afika ndi basi ya usiku, m'chikwama muli mchira ukugwedera, tawalandirani koma mitengo ya mango muilondere. Holo yonse inaphulika. Azimayi a ku Kasama anaimirira n'kubwera kutsogolo akuvina, wina anandipaka pawuda kumaso, wina anakuwa kuti mbewa zatha kumunda n'chifukwa chake mwatipatsa mkazi, ndalama zofupa zikugwa pansi, ine mutu unakula ngati dzungu.

Ndikanalekera pomwepo.

Ndime yachiwiri ndinalemba za azakhali, alongo awo a atate, amene analera mkwatibwiyo kuyambira ali giredi 3 mayi ake atamwalira. Azakhali amadziwika m'banja lonse ndi nkhani ya shuga. Shuga wawo amakhala mu tiranki yachitsulo pansi pa bedi, kiyi amamanga pa ngodya ya chitenje, ndipo tiyi wa kwawo amakuthirira okha, supuni imodzi yosadzaza, olo ukhale m'busa. Tonse timaseka nkhani imeneyi kuseri. Ine ndinaitulutsa pa maikolofoni, pamaso pa anthu oposa 200 ndi apongozi atsopano: shuga ali mu tiranki, kiyi ali m'chiuno, alamu mukafuna tiyi bwerani ndi wanu. Mawu anakwana bwino kwambiri mu biti, mwina kuposa ndime yoyamba, ndipo anthu anasekadi, achinyamata kumbuyo anayamba kubwereza. Koma ndinaona tebulo lakutsogolo. Atate anaweramitsa mutu kuyang'ana mbale. Azakhali anakhala chilili msana, nkhope osasintha, dzanja lawo linapita pa ngodya ya chitenje n'kuibisa pansi pa chikwama. Mkwatibwi sanandiyang'anenso mpaka madyerero anatha.

Usiku womwewo atate anandiitanira kuseri kwa holo. Sanakweze mawu. Anati, "Iwe, Abemba aja ndi ambuya ako, ukhoza kuwanena mpaka kucha. Msuweni wako ukhoza kumunena. Agogo ako omwe ukhoza kuwaseka, ndi anzako. Koma aja ndi atate ako aakazi. Ndipo shuga amene ukunenayo ndi amene anaphunzitsa mwana wavala veloyu." Anandiuza zimene sindinkazidziwa bwino, kuti zaka zija azakhali ankagula shuga wa paketi n'kumamugawa m'timapepala tating'ono kugulitsa pakhomo pamodzi ndi zitumbuwa, fizi ya mtsikanayo inkachokera mmenemo, ndiye supuni iliyonse yolowa mu kapu ya mlendo inali ndalama yochoka pa fizi. Chizolowezi chinangotsalira ngakhale mwana anamaliza kalekale.

Patapita masiku ndinabwerera kukawerenga za Yankovic, ndipo ndinaona chinthu chimene poyamba ndinkachidumpha. Munthu uja amapempha kaye. Malamulo a kwawo amapereka mpata ndithu kwa nyimbo zotembenuza, khoti lalikulu la ku America linagamulapo nkhani yotere mu 1994 pa mlandu wa gulu la 2 Live Crew, koma iye amapitabe kwa mwini nyimbo kukafunsa, akakana amaisiya. Prince anamukana kangapo konse ndipo palibe nyimbo ya Prince imene anaitulutsa. Michael Jackson anamulola kawiri, Eat It ija ndi Fat ya mu 1988 yochokera pa Bad, koma atafuna kutembenuza Black or White Michael anati imeneyo ayi, uthenga wake ndi wolemera, ndipo anamvera. Paul McCartney anakana ina chifukwa inali yonena za kudya nkhuku pamene iye sadya nyama. Pomwe zinasokonekera ndi pa Coolio mu 1996, a kampani anamuuza Yankovic kuti mwini Gangsta's Paradise wavomera, iye n'kutulutsa Amish Paradise, kenako Coolio n'kunena poyera kuti sanavomere ndipo sanakondwe. Anadzagwirizana patapita zaka, Coolio mwini wake anadzavomera kuti anakwiya mopitirira, ndipo poti dziko ndi lozungulira, nyimbo ya Coolio-yo nayonso inamangidwa pa Pastime Paradise ya Stevie Wonder ya mu 1976. Chinanso, mukamvetsera bwino nyimbo zake zambiri sizinyoza munthu, zimanena za chakudya, ulesi, ma TV, mavalidwe oipa, ndipo chitsiru cha m'nyimbomo kawirikawiri amakhala iye mwini woimbayo. Ena amati n'chifukwa chake nthabwala zake zilibe mano, ndipo pena ndimagwirizana nawo, pali nyimbo zake zina zimene zimangokhala ngati phala lopanda mchere. Koma munthu wakhala pa ntchito yoseka nyimbo za anzake zaka zoposa 40 ndipo oimba ambiri amachita kunyadira akawatembenuzira nyimbo, pamene ine ndinagwira ntchitoyi mphindi zinayi zokha n'kutsala pang'ono kugawa banja.

Choipa kwambiri n'choti ndime ija inakana kufa. Ya Abemba anthu anaiiwala sabata yomweyo. Ya shuga wina anaijambula pa foni, inayenda pa WhatsApp ya banja mpaka kwa achibale a ku Lusaka ndi ku Mchinji, ana a m'banjamo kumaiimba posewera osadziwa n'komwe kuti ikunena ndani.

Ndinadikira mwezi wathunthu, mantha. Kenako Loweruka lina ndinagula nkhuku yachikuda yamoyo pa msika wa Kapata, ndinaganizanso zogula paketi ya shuga koma mkazi wanga anandigwira dzanja n'kuti bambo inu mukufuna mukawonjezere chipongwe, ndiye ndinasiya. Ndinakwera njinga mpaka kwa azakhali, nkhuku ikulira pa keriyala njira yonse. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinanena zonse zimene ndinakonza panjira, kuti ndinalakwa, kuti chinali chibwana, kuti sindinkadziwa. Iwo anangoti, "Wamangitsa miyendo nkhukuyo, imasule ingafe," n'kuitana mdzukulu kuti akaitsekere m'khola. Za nyimbo sanatchule olo liwu limodzi. Anandifunsa za ana, za ntchito, ngati mvula yayamba kwathu kuja ngati kuti tikukhala maiko awiri pamene ndi mtunda wa mphindi 20.

Kenako anati ndikhale ndimwe tiyi. Analowa m'nyumba, ndinamva tiranki ikukokedwa pansi pa bedi, kulira kwa loko, n'kutuluka ndi kachitini. Anandithirira okha ndikuona, supuni imodzi, anaigwedeza kaye kuti wapamwamba abwerere m'chitini. Anabwerera kukakhoma, n'kumanganso kiyi pa ngodya ya chitenje mfundo ziwiri, akundiyang'ana m'maso. Kuseri kwa nyumba mdzukulu uja, akulimbana ndi chitseko cha khola, anali akuimba kapansipansi chuni chija cha ku Nigeria, ndipo ine ndinamwa tiyi wanga mofulumira ngakhale anali wotentha, kuti ndinyamuke asanafike pa mawu.